Laputopu Yachoka kwa Mmisiri, Koma Ikuzima Yokha

Laputopu ikapita kwa mmisiri chifukwa cha sikirini yosweka, kiyibodi yothiridwa tiyi kapena pobayira tchaja pogwedera, mwini wake amayembekeza kuti ikabwerako nkhani yatha. Imayakadi bwinobwino, ntchito n'kuyambika, kenaka mwadzidzidzi sikirini yada bii, fani yatonthola, zomwe zimalembedwa zapita. M'nyumba zambiri mlandu umagamulidwa usiku womwewo. Wina amati mmisiri wachotsa zida zabwino n'kuikamo zakutha, wina amati ndi vayirasi, ikafomatidwe basi. Zosinthitsa zida zimachitika ndithu, koma kawirikawiri vuto limakhala laling'ono kuposa pamenepo: kawaya komwe sikanabwezeredwe pamalo pake, sikuluwu yolowa m'bowo la inzake, kapena phala loziziritsira lomwe linasweka pophwasula ndipo silinapakidwenso.

Gwero lake ndi kapangidwe ka malaputopu a masiku ano. Akale aja, monga Lenovo ThinkPad T420 kapena Dell Latitude E6420, batire lake linkangosololedwa kunja ndi chala, ndipo kiyibodi inkachoka munthu atamasula masikuluwu ochepa. Ambiri mwa atsopano opyapyala, monga a mtundu wa HP Pavilion, Dell Inspiron ndi Lenovo IdeaPad, kiyibodi yawo inamatiriridwa ku chivundikiro chapamwamba, ndiye kuti mmisiri aifike ayenera kuchotsa batire, fani, masipika ndi motherboard yonse, yomwe amisiri amangoti bodi. Kantchito komwe mwini wake amakaona ngati kakang'ono kamakhala katakhudza timawaya tambirimbiri. N'chifukwa chake funso loyamba liyenera kukhala lakuti: kodi pokonzapo anatsegula pati, nanga anachotsa chiyani? Vuto lomwe kunalibe laputopu isanatsegulidwe liyenera kufunidwa kaye pomwe panadutsa manja a wokonza.

Mafayilo atuluke kaye

Munthu asanayambe kufufuza, akopere pa fulashi, pa disiki yakunja kapena pa Google Drive zonse zomwe sangafune kutaya: ntchito za kusukulu, mabuku a bizinesi, zithunzi za ukwati. Kuzima kulikonse kodzidzimutsa kungathe kuwononga fayilo yomwe inali kulembedwa, ndipo kukachuluka Windows yeniyeniyo imayamba kukana kuyaka. Ngati laputopu ikungopereka mphindi zochepa, akopere pang'onopang'ono, kuyambira zofunika kwambiri, n'kumaipumitsa kuti izizire.

Aonenso ngati disiki ndi yotsekedwa ndi BitLocker. Bodi ikasinthidwa, kompyuta yotere imafunsa kiyi ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Popanda kiyiyo, ngakhale mmisiri waluso sangatulutse mafayilo.

Kazimidwe kake kamaulula zambiri

Pakhomo sipafunika sikuludiraiva kuti munthu adziwe komwe vuto lagona. Pamafunika kope, cholembera ndi wotchi. Laputopu ikazima, alembe kuti inali itayaka mphindi zingati, inali kugwira ntchito yanji, tchaja inali yobaya kapena ayi, ndipo ngati wina anainyamula, kuigogoda kapena kupinda sikirini. Ikazima kanayi kapena kasanu, zolembazo zimayamba kufanana. Yozima pakatha mphindi zingapo za vidiyo kapena Zoom, pansi pake patatentha, vuto lake ndi kutentha. Yozima nthawi yomwe magetsi athima kapena tchaja yazulidwa ikuloza batire. Yozima poinyamula ili ndi china chogwedera m'kati. Yoonetsa sikirini yabuluu n'kuyambiranso yokha nthawi zambiri imakhala ndi vuto la RAM, disiki kapena madiraiva.

Pali kuyesa kumodzi kosalira ndalama komwe kumathetsa mkangano wa vayirasi uja. Poyatsa, munthu alowe mu BIOS: pa Dell amadina F2, pa HP F10, pa ThinkPad F1. Kenaka aisiye laputopu pamenepo mphindi 20 kapena 30. M'menemo Windows imakhala isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Ikazimanso ili mu BIOS, kufomata n'kutaya ndalama ndi mafayilo pachabe, chifukwa vuto lili m'zida.

Kutentha

Pa zifukwa zonse, ichi ndicho chimabwera kawirikawiri, ndipo kuzima kwake n'kudziteteza. Pulosesa, kachipangizo komwe kamawerengera zonse m'kompyuta, ili ndi zoyezera kutentha m'kati mwake. Ambiri mwa mapulosesa a Intel a m'malaputopu malire awo ali pa madigiri 100 kapena kuposerapo pang'ono. Ikayandikira malirewo imayamba yachepetsa liwiro, ndipo mwini wake amaona kompyuta ikukoka miyendo, vidiyo ikudukaduka. Zikapanda kuthandiza, bodi imadula magetsi kuti pulosesa isapse.

Kutenthako kuli ndi njira yake yotulukira. Pamwamba pa pulosesa pamakhala kachitsulo kamkuwa kophwatalala, kolumikizidwa ku kapaipi kamkuwa komwe kamanyamula kutentha kupita ku tizitsulo topyapyala tondandalikana pakhomo potulukira mpweya, pomwe fani imauzira. Zonsezi pamodzi ndiye heat sink. Pakati pa pulosesa ndi mkuwawo pamapakidwa phala lotuwa, thermal paste, lotseka timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kudutse bwino. Phalali likakhala zaka limauma. Likakhala losasunthidwa limagwirabe ntchito ndithu, koma heat sink ikangonyamulidwa limasweka, ndipo kuibwezera pa phala losweka lomwelo kumasiya mpweya pakati. Mmisiri wosamala amapukuta lakalelo ndi mankhwala a isopropyl alcohol n'kupaka latsopano pang'ono chabe. Wothamangira makasitomala ena amangobwezera. Alipo ena omwe amapaka mankhwala otsukira mano, poti amafanana ndi phalalo; amaoneka ngati athandiza tsiku loyamba, koma amauma msanga ndipo vuto limabwerera litakula.

Masikuluwu a heat sink nawo ali ndi lamulo. Pa malaputopu ambiri pambali pa iliyonse pamadindidwa nambala, 1, 2, 3, 4, kuti amangidwe motsatana, pang'onopang'ono, mkuwa ukhale mofanana mbali zonse. Imodzi ikasiyidwa yosalimba, mkuwa umapendekeka ngati mphika pa mafuwa osalingana, n'kumakhudza pulosesa mbali imodzi yokha. Chimodzimodzi timatiresi tofewa totchedwa thermal pad, tomwe timakhala pa tizipangizo tina tapafupi: tikaikidwa tonenepa kuposa takale timanyamula heat sink, ndipo pena kapepala kapulasitiki komwe kamabwera ndi tatsopano kamaiwalika osasendedwa.

Chomwe chimaiwalika kwambiri ndi kawaya ka fani. Ndi kakang'ono, kamabisala pansi pa ena, ndipo malaputopu ambiri amayaka bwinobwino popanda iko. Kuyesa kwake n'kosavuta: atsegule vidiyo, adikire mphindi zochepa, aike dzanja kapena kachidutswa ka pepala potulukira mpweya. Pansi pakatentha koma mpweya osatuluka, fani sikuzungulira. Mpweya ukamatuluka wozizira pamene kompyuta ikuzimabe ndi kutentha, ndiye kuti kutenthako sikukufika ku fani, ndipo wokayikiridwa ndi phala, masikuluwu kapena kapaipi komwe kanapindika pophwasula.

Malaputopu ena amadzinenera okha. HP ikaona kuti fani sikugwira bwino imaonetsa uthenga wokhala ndi chizindikiro cha 90B poyaka, ndipo ikakhala kuti inazima chifukwa cha kutentha imaonetsa 90D. ThinkPad imalemba Fan error n'kuzima. Mauthengawa amabwera m'Chingerezi, pa sikirini yakuda, ndipo ambiri amangodina Enter osawerenga. Ndi bwino kuwajambula ndi foni. Pomwe palibe uthenga, mapulogalamu aulere monga HWMonitor, Core Temp kapena HWiNFO amaonetsa madigiri a pulosesa nthawi yomweyo. Laputopu yongokhala, yosagwira ntchito yolemera, imayenera kusewera cha m'ma 40 kapena 50. Yofika 90 munthu atangotsegula Word yokha ili ndi vuto m'njira yoziziritsira ija.

Nyengo yathu nayo imaonjezera. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumafika madigiri 40, laputopu yomwe inkapirira mu Juni imagonja msanga, makamaka m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Fumbi, ndi chizolowezi choika laputopu pa bulangete kapena pa pilo, zimatseka timabowo ta pansi tokokera mpweya. Choncho kuyesa kuchitikire pa tebulo, kumbuyo kwake kutakwezedwa pang'ono. Koma nyengo isakhale pobisalira wokonza: ngati sabata yatha inkagwira ntchito m'chipinda chomwecho osazima, dzuwa silinasinthe m'masiku asanu ndi awiri.

Batire ndi tchaja

Mmisiri aliyense wodziwa ntchito amayamba wazula kawaya ka batire asanakhudze china chilichonse, ndipo amakabwezera pomalizira penipeni. Kakalowa mwatheka, laputopu imayenda bwino ikakhala pa magetsi, koma tchaja ikangogwedezeka kapena magetsi kuthima imazima nthawi yomweyo, ngati kompyuta ya pa desiki. Kuyesa n'kwachidule: batire likudzaza, azule tchaja. Ikazima pomwepo, ndiye kuti batire silikulumikizana ndi bodi kapena linatheratu. Pa malaputopu omwe batire lake limachoka kunja, ayesenso mbali inayo: achotse batire, agwiritse tchaja yokha. Ikasiya kuzima, batire ndilo limasokoneza.

Windows imatha kunena za thanzi la batire. Mu Command Prompt munthu amalemba powercfg /batteryreport, ndipo imatulutsa lipoti lokhala ndi manambala awiri ofunika: Design capacity, mphamvu yomwe batire linali nayo lili latsopano, ndi Full charge capacity, yomwe likutha kusunga lero. Yachiwiriyi ikatsika kufika theka la yoyamba, batire lakalamba. Lotere limanamiza: limaonetsa 40 peresenti, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi fani ikangoyamba kuthamanga. Pa HP uthenga wa 601 umatanthauza zomwezo. Ngati ntchito yomwe inalipiridwa inali kuika batire latsopano, lipotili limathandiza kuona ngati ndi latsopanodi.

Tchaja nayo iyang'anidwe, chifukwa pa benchi la mmisiri pamakhala matchaja ambiri ofanana, ndipo kusinthana n'kosavuta ngakhale popanda chinyengo. Manambala a pa tchaja afanane ndi omwe laputopu imafuna. Matchaja ambiri a Dell ndi HP amatulutsa 19.5V, a Lenovo 20V, ndipo mphamvu yake imakhala 45W, 65W kapena 90W. Laputopu yofuna 90W ikapatsidwa ya 45W, batire lake lili lofooka, ingathe kuzima pa ntchito yolemera. Tchaja ya Dell ya mutu wozungulira ili ndi kasingano pakati pa mutu wake komwe kamauza laputopu mphamvu ya tchajayo. Kasinganoko kakapindika, kapena pobayira patsopano pakakhala posalumikizidwa bwino, BIOS imalemba kuti adaputala ndi Unknown, kompyuta imachepetsa liwiro ndipo batire silidzaza, mpaka tsiku lina lithe mwini wake akuganiza kuti ili pa magetsi.

Batire lotupa lisaseweretsedwe. Zizindikiro zake ndi touchpad yotukuka, kiyibodi yokwera pakati, kapena chivundikiro chapansi chokana kutsekeka. Batire la lithium likabooledwa kapena kupanikizidwa, monga ndi sikuluwu yotsalira pansi pake, lingathe kuyaka moto. Laputopu yotere izimitsidwe, ichotsedwe pa tchaja, isagone pafupi ndi bedi kapena makatani, ipite kwa mmisiri.

Ikazima poinyamula kapena poigogoda

Apa nthawi zambiri pamakhala kanthu kosakhazikika. Masikuluwu a laputopu amaoneka ofanana koma amasiyana kutalika, ndipo yaitali ikalowa m'bowo la yaifupi imatha kukhudza bodi. Ina imagwera m'kati n'kumayendayenda. Laputopu itazimitsidwa, aipendeketse pang'onopang'ono pafupi ndi khutu. Kukamveka kanthu kakugubuduka, isayatsidwenso mpaka katachotsedwa, chifukwa kachitsulo kongodutsa pa bodi yamoyo n'kokwanira kuiwotcha.

RAM imalowa mopendekeka m'malo mwake, kenaka imakanikizidwa mpaka tizitsulo ta m'mbali titaigwira. Ikalowa mwatheka, kompyuta imauma, kuonetsa sikirini yabuluu kapena kuyambiranso yokha. Ngati RAM inaonjezeredwa, mtundu wake ufunsidwe. DDR3 wamba imafuna 1.5V pamene DDR3L imafuna 1.35V, ndipo ngakhale zimalowa malo amodzi, malaputopu okhala ndi pulosesa ya Intel ya m'badwo wachinayi, monga HP EliteBook 840 G1 ndi ThinkPad T440, amafuna DDR3L. Malaputopu amenewa akadali ambiri pakati pa ogwiritsidwapo kale ntchito omwe amagulitsidwa m'matauni athu. Windows ili ndi choyezera chake: kudina batani la Windows pamodzi ndi R, kulemba mdsched, n'kulola kompyuta kuyambiranso.

Kuzima kwina si kuzima n'komwe. M'chivundikiro cha sikirini mumakhala kamaginito, ndipo m'munsi muli kachipangizo komva kamaginitoko, komwe kamauza kompyuta kuti yatsekedwa, igone. Sikirini kapena chivundikiro zikasinthidwa, kamaginito kangathe kusuntha kapena kachipangizoko kusokonezeka, laputopu n'kumagona yokha ili chitsegukire. Kusiyana kwake n'kwakuti kanyali kamakhala kakuphethira, ndipo ikadzutsidwa zonse zimapezeka monga zinalili. Ngakhale foni yokhala ndi kava ya maginito, ikaikidwa pafupi ndi touchpad, imachita zomwezo pa malaputopu ena.

Umboni womwe kompyuta imasunga

Windows imalemba mbiri ya zochitika zake mu Event Viewer, pansi pa Windows Logs, kenaka System. Nambala 41 ya Kernel-Power imasonyeza kuti kompyuta inayakanso isanazimitsidwe mwadongosolo, ndipo 6008 imapereka nthawi yomwe inazimira. Manambala awiriwa satchula chifukwa, ndiye wina asanamizidwe kuti 41 ndi dzina la matenda. Ntchito yawo ndi kutsimikiza masiku ndi nthawi, zomwe zimaonetsa ngati vuto linayamba laputopu isanapite kokonzedwa kapena itabwerako. Nambala 1074 imatanthauza kuti pulogalamu kapena munthu ndiye analamula kuzima, monga Windows Update. Nambala 42 ndi ya kugona, ndipo imatchula ngati chinachititsa ndi batani kapena chivundikiro.

Opanga malaputopu anaikamonso zoyezera zawo zosadalira Windows. Pa Dell munthu amadina F12 poyatsa n'kusankha Diagnostics, ndipo vuto likapezeka limabwera ndi nambala, monga 2000-0511 ya fani kapena 2000-0142 ya disiki. Pa HP amadina Esc kenaka F2. Zotsatira zake zijambulidwenso.

Kubwerera kwa mmisiri

Yesero lalikulu ndi kutsegula wekha utaonera vidiyo pa YouTube, kapena kuthamangira kwa mmisiri wina mokwiya. Zonse ziwiri zimapatsa wokonza woyamba pothawira, poti adzangoti wina waigwiragwira. Ndi bwino kubwerera komweko msanga, ndi lisiti, tchaja, kope lija ndi zithunzi za mauthenga. Mawu akuti "mwandiwonongera kompyuta" amangoutsa mkangano. Mawu othandiza ndi onga awa: "Achimwene, chichokereni kuno ikumazima pakatha mphindi khumi ndikamaonera vidiyo, mpweya sukutuluka, ndipo mu BIOS yazimanso. Tatsegulani tionere limodzi fani, phala ndi kawaya ka batire." Mmisiri akamva zotere amadziwa poyambira, komanso amadziwa kuti kasitomala wayesa kale.

Mayankho awiri ofulumira ayenera kukayikiridwa. Loyamba ndi lakuti "ingofunika kufomata", lomwe kuyesa kwa mu BIOS kuja kumaliyankha. Lachiwiri ndi lakuti "bodi yapsa". Bodi imapsadi, makamaka ngati munthu anagwira ntchito batire lili lolumikiza, kapena ngati tiyi uja anafika pansi n'kuyamba kudya timizere tamkuwa pang'onopang'ono, zomwe zimatha kuonekera patapita masabata ndipo si mlandu wa wokonza. Koma bodi ndiye chida chodula kwambiri m'laputopu, ndipo isaweruzidwe fani, phala, RAM, batire ndi tchaja zisanayesedwe. Kasitomala ali ndi ufulu wopempha kuti zida zakale zomwe zachotsedwa abwezeredwe, komanso kuti pa lisiti palembedwe chomwe chasinthidwa ndi masiku omwe mmisiri akulonjeza kukonzanso mwaulere. Zikakanika kukambirana, ku Malawi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo kumeneko lisiti ndi zithunzi zija n'zomwe zimathandiza.

Ikakonzedwanso, iyesedwe pa shopu pomwepo ndalama isanaperekedwe: vidiyo iyende theka la ola, madigiri akuoneka pa sikirini, tchaja izulidwe ndi kubayidwanso, laputopu inyamulidwe, sikirini ipindidwe kangapo. Ngati zatsimikizika kuti bodi ndiyo yafa ndipo mtengo wake ukuyandikira wa laputopu ina yogwiritsidwapo kale ntchito, mwini wake angasankhe kuisiya ngati ya masipeya, koma achotse kaye disiki ndi RAM. Disiki ikaikidwa m'kabokosi ka USB imawerengeka pa kompyuta ina (yotsekedwa ndi BitLocker imafuna kiyi ija), ndipo ikasiyidwa m'laputopu yogulitsidwa imapita ndi zithunzi, makalata ndi mapasiwedi onse a m'banjamo.